Bambo Wotchinga Chithunzi

Kodi n'chiyani chingachititse bambo wovala tayi kuima njo kutsogolo kwa chithunzi chimodzi kwa ola lathunthu? Zinachitika pa chionetsero cha zithunzi za moyo wa mu Mzuzu, mpaka mayi wina analephera kupirira.

"Adada, tasunthaniko pang'ono, nafenso tione."

"Zithunzi zilipo zambiri, mayi. Kaoneni icho cha nthochi."

"Nthochi ndimagulitsa ndekha ku Chibavi. Ndikufuna chimene chili kumsana kwanucho."

"Palibe chokongola apa. Wojambulayo alibe ulemu, amangotola anthu osawapempha."

"Mukunditopetsa chomene. Kodi akulembani ntchito ya ulonda?"

"Ntchito ndili nayo m'boma, ndipo ndikasuntha pano ikhoza kutha lero lomwe. Mwawaona bambo a suti yotuwa akuzungulira ndi alendowo? Ndi abwana anga. Akangotuluka, muona mpaka maso atope."

"Ndiye mukhalitsa, chifukwa angowapatsa mpando ndi tiyi."

Pachithunzipo panali bambo wa tayi yemweyo akusewera bawo ku Katawa, akuseka mano onse pamtunda, ndipo pansi pake panalembedwa tsiku limene iye anatsanzika kuofesi kuti akupita kumaliro ku Dedza.