Dalaivala wa Maliro Sanabwerere Kunyumba

Chaka chikutha lero. Tamvani zimene mwatituma kuti tilengeze pa wailesi pano.

Banja la telala wa pafupi ndi siteji ya basi likudziwitsa abale ndi abwenzi kuti bambo awo anamwalira Lachiwiri ndi mliri wavuta chaka chinowu, ndipo anaikidwa m'manda Lachitatu. Achipatala anabweretsa bokosi lokhomerakhomera, nkhope sinaonedwe. Pa zimene zinachitika kumanda, banjali likuti silinatume munthu kutola mwala. Chilengezochi chachokera kwa achimwene a malemu.

Mayi wogulitsa makala kuseri kwa chipatala akufunafuna amuna awo, dalaivala wa galimoto yonyamula maliro a mliri, amene anzawo amawatcha a Mabuleki. Ndiwo anapita ndi thupi la telala kumanda. Kumeneko anyamata anawalamula kuti atsegule bokosi, ati muli miyala yokhayokha, thupi agulitsa. Atakana, anawakokera pansi, n'kuwang'ambira chovala choyera chija, n'kuwasasantha ndi mipini ya makasu okumbira manda. Galimoto anaitentha. Amene anawaona komaliza akuti ankakwawira m'ngalande, magazi ali chuchuchu kumutu. Mayiwa akuti chaka chonsechi amuna awo akhala akugona pakhonde, kudyera m'mbale yawoyawo, kuopa kupatsira ana, ndipo khanda lawo sanalinyamulepo chibadwire. Mawu awo ndi awa: "Ngati munawapha, ingotiuzani pamene munawataya. Sitifunsa kuti ndani." Chilengezochi chachokera kwa mayi a ana awo.

Onyamula maliro a mliri akuitanana kumsonkhano mawa m'mawa m'galaja ya chipatala. Nkhani yonyanyala ntchito aikana, poti akufa sakudikira. Akakambirana zobwereka lole ya nkhuni yoti ilowe m'malo mwa galimoto yotenthedwa ija. Aliyense abwere atavala masiki, ndipo amene ali ndi chipewa cha panjinga yamoto asachiiwale. Chilengezochi chachokera kwa mkulu wa gululi.

Chomalizachi chatipeza tili kale pamphepo. Mayi wamasiye, mkazi wa telala uja, akudziwitsa mayi wogulitsa makala kuti amuna awo ali moyo. Anawapeza m'ngalande pochokera kumanda, n'kuwabisa m'chipinda chosokera, kuseri kwa makina. Mutu anawamanga ndi nsalu ya kasitomala. Mkono ndi wothyoka, dzino lina palibe, ndipo angoyamba kulankhula lero. Mayi wamasiyeyu akupepesa kuti anakhala chete, poti amene anayamba kumenya ndi ana awo obereka okha, ndipo amagona m'nyumba yomweyo. M'mawa uno awauza anawo maso ndi maso kuti dalaivalayo ali m'nyumbamo, ndipo wamkulu waswa zenera n'kuchoka akutukwana. Akupempha kuti mubwere ndi galimoto kusanade, poti wodwala sangathe kuyenda. Mayi wamasiyeyo muwapeza atakhala pampando pakhomo la chipindacho. Akuti: "M'nyumba muno mwatuluka bokosi limodzi chaka chino. Bokosi lachiwiri silitulukamo." Chilengezochi chachokera kwa mayi wamasiyeyo, amene wasiya maliro ake kuti alondere mlendo.