Timabotolo Tiwiri ta Magazi

Ine, amene anthu amanditchula kuti Make Mapasa, wa zaka 43, telala, wokhala m'nyumba ya kuseri kwa shopu yanga, ndikupereka umboni pa imfa ya mng'ono wanga. Kwathu tinkamutchula kuti Mzime poti ndiye wotsiriza kubadwa. Anali ndi zaka 26 ndipo ankagwira ntchito m'sitolo ya nsapato. Chimwalirireni mayi athu ndamulera ndine, ndipo tinkakhala nyumba imodzi.

Mzime anali pa chibwenzi ndi dalaivala wa basi. Ukwati wawo unali utatsala masabata asanu, diresi ndikusoka ndine. Ndiye mayi ake a dalaivalayo anati ukwati palibe mpaka mtsikana akayezedwe magazi, kuyeza kwatsopano kuja koona ngati mkazi ali ndi mazira okwanira. Ati mpongozi wawo woyamba watha zaka zisanu ndi ziwiri wopanda mwana, safunanso zotero. Mayi amenewo pakamwa ndi polusa, bwana, lembani momwemo. Ine mtima unali m'mwamba chifukwa Mzime ankandiuza kuti msambo wake umabwera modumphadumpha.

Lachitatu pa 5, nthawi ya 9 koloko m'mawa, tinapita atatu ku chipatala cholipira, mtunda wa mphindi khumi wapansi. Mayi aja anatsala pa benchi panja pa chitseko. Ine ndinalowa ndi Mzime, n'kuuza namwino kuti anditenge magazi inenso kuti mwanayu asaope singano. Linali bodza. Ndinali nditakonza kale zochita.

Namwino anatitenga magazi m'timabotolo tiwiri ta zivindikiro zofiira, anamata kapepala ka dzina pa kalikonse, n'kutiika m'mbale yachitsulo patebulo. Mzime anachita chizungulire, ndipo namwino anapita naye kukamugoneka kuseri kwa katani. Ndinatsala ndekha, mbale ija ili pofika dzanja. Ndinamatula timapepala tija n'kutisinthanitsa. Zala za telala, sizinathe ndi mphindi yomwe. M'mutu mwanga ndinkati ine ndabereka ana asanu, awiri mapasa, magazi angawa ndi oti makina akawaona aombera m'manja. Sindinafunse munthu kuti makinawo amawerenga chiyani kwenikweni. Paja safunsa anadya phula.

Patatha mphindi 25 namwino anabwera ndi mapepala awiri. Mayi aja analowa osaitanidwa. Namwino anayamba ndi ine. Anati, “Achemwali, inu mwandidabwitsa. Zaka 43 koma mazira ngati a mtsikana.” Kenako anatembenukira kwa Mzime n'kutsitsa mawu. Anati ake ndi ochepa kwambiri, ngati a mayi amene watsala pang'ono kusiya kusamba. Anafotokoza kuti mazira amatha ndi zaka, kaya wabereka ana khumi kaya sunabereke. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita.

Namwino anati, “Kuchepa kwa mazira si kusabereka ayi. Komanso pa msinkhu wanu zotsatirazi zikundikayikitsa. Mubwere Lachitatu likudzali tidzayezenso.”

Mayi aja anati, “Mudzayezenso chiyani? Makina sanama.” Anajambula pepala la Mzime ndi foni yawo n'kutuluka osatsazika.

Sindinaulule. Ndinkaopa. Ndinkati ndikaulula pomwepo, mayi aja akalengeza kuti ndife banja la akathyali, ukwati n'kuferatu. Ndinadziuza kuti Lachitatu si kutali, akadzamuyezanso zonse zidzakonzeka zokha popanda ine kutsegula pakamwa.

Kuyambira Lachinayi Mzime ankapita ku ntchito monga mwa masiku onse, koma chakudya ankangochitosa. Loweruka masana ndinamuyesa diresi m'shopu. Diresiyo inali itamukulira m'chiuno, ndinapinda zala ziwiri. Anadziyang'ana pa galasi n'kunena moseka kuti, “Koma achemwali ndinu adyera. Mazira onse a mayi athu munakokolola nokha, ine n'kundisiyira makoko.” Ndinali ndi mapini asanu pakamwa. Ndinaseka nawo. Bwana, ndinaseka.

Lolemba cha m'ma 12 koloko dalaivala uja anabwera ku shopu. Anaima pakhomo, osalowa, atanyamula jumbo momwe munali ambulera ya Mzime, juzi yake yobiriwira ndi tchaja. Anati, “Alamu, amayi akana. Ine sindingalimbane nawo.” Ndinamuuza kuti adikire Lachitatu. Anati basi ikumudikira. Ndinamutukwana mpaka anthu anatuluka m'mashopu, koma chimene chikanamuimitsa sindinamuuze.

Mzime anafika 5 koloko, anapeza jumbo lija pabedi pake. Dalaivalayo anali atamulembera kale pa foni. Sanalire. Anatulutsa juzi n'kuipinda bwinobwino. Ndinati, “Limba mtima mwanawe, Lachitatu ndi mkuja.” Anayankha kuti, “Makina sanama, achemwali.” Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, koma mapasa analowa akukangana za nsapato za kusukulu, ndipo ndinati ndimuuza mawa.

Lachiwiri pa 11, kutacha, anati mutu ukumupweteka, sapita ku ntchito. Ndinamusiya ali gone, n'kupita ku shopu 7 koloko. Kuchoka pa makina anga osokera kukafika pa chitseko cha chipinda chake ndi mapazi makumi awiri. Ndawawerenga dzulo. Nthawi ya 11 koloko ndinasiya siketi ya kasitomala pa makina, n'kunena kuti basi, zivute zitani ndikamuuza. Chitseko chinali chokhoma mkati. Ndinagogoda, ndinaitana, zii. Ndinakuwa, ndipo kalipentala woyandikana nafe anabwera n'kuthyola loko. Tinamupeza ali pansi pafupi ndi bedi, akupuma movutikira. Botolo la mankhwala limene linali pambali pake munalitenga ndinu apolisi.

Tinafika naye ku chipatala chachikulu 11:40 pa galimoto ya kalipentalayo. Anandilola kulowa 2 koloko. Anali ndi machubu m'mphuno, maso ali otseka. Ndinagwada, ndinaika pakamwa pa khutu lake, n'kumuuza zonse. Ndinati, “Mzime, magazi aja anali anga. Iwe uli bwinobwino. Ndine ndinasintha.” Ndinabwereza katatu. Ndinafunsa dokotala ngati akumva. Anati sangadziwe. Mzime anamwalira 4:15.

Namwino uja alibe mlandu, musamuvutitse. Palibe amene anandituma, ndipo palibe amene ankadziwa. Pepala limene munalipeza m'chikwama cha Mzime, lolembedwa dzina lake, ndi la magazi anga. Lake lenileni ndi ili ndaika patebulo panuli, lolembedwa dzina langa. Lakhala m'thumba la epuloni yanga sabata yonse. Lisungeni pamodzi ndi umboniwu. Ngati n'kotheka mukawaonetse mayi aja ndi mwana wawo, awerenge okha. Ine mundichite chimene lamulo likunena, sindithawa.

Izi ndi zomwe ndikudziwa. Zoti anandimva kapena ayi, sindikudziwa.

Siginecha ya mboni: ____________________
Wolemba umboni: ____________________