Tsiku Lolozana Zala ku Chiponde

Chisankho chinali pafupi, othawa nkhondo a ku Mozambique akadali mbwee m'midzi ya m'malire. Che Jaffalie ankadikira matola pa siteji ya Chiponde pamene bambo wina wovala malaya a chipani anawakhalira pafupi.

"Munamumva munthu wathu dzulo? Akapambana, obwera onse azipita kwawo, minda yawo tigawane!"

"Adzawadziwa bwanji, achimwene?" anafunsa Che Jaffalie. "Chiyao timalankhula chimodzi, maliro timayikira limodzi."

"Anthu tidzangoloza. Akuti makhoti ndi mapepala n'zochedwetsa, khoti ndi ife eni nthaka."

"Aaa! Munthu kungomuloza chala, basi wapita?"

"Wapita! Popanda kokadandaula."

"Ndiye inu ndi ndevu zanuzo munawomba m'manja?" Che Jaffalie anapukusa mutu. "Munda wanu uli kuti?"

"Ku Chowe, m'mbali mwa mtsinje. Chimanga ndimakolola kawiri pachaka."

"Chabwino. Tsiku limenelo ndidzalawirira, ndidzaloza inuyo."

"Ine? Mwapenga? Mchombo wanga unagwera konkuno! Ndikakusumirani!"

"Mukandisumira kuti, achimwene? Khoti lija mwalitseka nokha pompano."