A Tatsegula ndi Kakhadi Kawo Kakale

Abwana akulu, atsogoleri a magulu, anzanga apantchito, mayi akunyumba ndi ana, takulandirani nonse.

Bambo akupuma pantchito lerowa ife timawatchula kuti a Tatsegula. Chinthu chikangovuta, mawu awo ndi amodzi: "Tatsegula tione." Mayi, ndikunama? Wailesi yanu anaitsegula ija, inalankhulanso?

Kwa alendo, ife kuno timakonza pulogalamu yoyendetsa kompyuta, yaulere, yoti aliyense akhoza kuisintha. Iwowa mbali yawo inali madalaivala, timapulogalamu tothandiza kompyuta kumvana ndi zipangizo zake. Atangoyamba ntchito anati akonze netiweki ya muofesi kuti izithamanga. Inathamangadi, mpaka kuthawiratu! Cholakwacho anachikonza msanga, koma zokonzazo atitumizira bwanji, netiweki ataipha okha? Tinawaona akuyenda tebulo ndi tebulo, disiki ili m'manja, thukuta lili kamukamu.

Koma chimene chinkandizunguza mutu ine ndi kakhadi kena kolumikizira kompyuta ku netiweki, kakalekale, koti eni ake anasiya kupanga. Tonse tinkati dalaivala wake achotsedwe. Iwo kukana kwamtuwagalu. Tsiku lina ndinawafunsa, "Achimwene, kameneka kanakupatsani chiyani?"

Akuti, "Kuli mphunzitsi wina kutali, nkhope yake sindikuidziwa. Makompyuta a pasukulu pake ndi akale, onse amadalira kameneka. Tikachotsa, ana aja intaneti yawathera pomwepo."

Tsono lamulo lathu mukulidziwa. Dalaivala wopanda womusamala timamulemba kuti ndi wamasiye, kenako timamufufuta. Achimwene maso atopa, akupita. Masiku apitawa ndakhala ndikuwaona akutembenuza kakhadi kaja m'manja. Ndisakubisireni, zandiwawa mumtima.

Ndiye achimwene, tamverani. M'mawa uno ndachotsa dzina lanu pa dalaivala uja, ndaikapo langa. Sakhala wamasiye.

Kungoti muli mzere wina munalemba, wouza kompyuta kuti idikire pang'ono kakhadiko kasanadzuke. Ndauwerenga, ndaubwereza, chifukwa chake sindikuchiona. Ndinayesa kuuchotsa, zonse zii! Munadziwa bwanji, inu? Loweruka ndikubwera kunyumba kuti mudzandiuze. Mayi, pepani, tidzamwaza zipangizo patebulo lanu.

Zikomo chifukwa cha zaka zonsezi. Mwatiphunzitsa kufunsa tisanataye chinthu. Pitani mukapume, mukacheze ndi adzukulu, ana a pasukulu aja ndiwasamala ine.

Anzanga, tiyeni tiimirire. M'manja mwamphamvu!