Mayi Vailet Nampinga ndi Opatulira a mu Ubongo

Anamalira nonse, ine ndine Maurice, mlongo wawo wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri iyi, ndipo mawu akandithera panjira mundipirire.

Malemu Mayi Vailet Nampinga anabadwa m'chaka cha 1981 kuno ku Soche, koma kwathu ndi ku Luchenza. Pulayimale anaphunzira ku Chitawira, sekondale ku Limbe, kenako anachita maphunziro oyeza magazi n'kuyamba ntchito mu labotale m'tauni muno. Mu 2006 anamanga banja ndi a Stewart Nampinga.

Mwana wawo Tawonga anabadwa mu 2009. Ali ndi masabata atatu anadwala koopsa, thupi kutentha, kukomokakomoka. Anachira, koma kuyenda anayamba ali ndi zaka zisanu, ndipo mpaka lero sayankhula. Apa ndinena poyera, kubisa kwatikwana. Anthu anati achemwali anamusempha mwanayo, kuti sanadzisunge pa nthawi imene mwambo umaletsa. Ena mwa onena zimenezo tinali ife apabanja, ine ndemwe.

Iwo sanakangane ndi munthu. Anabwerera kusukulu kuti akadziwe chimene chinachitika m'mutu mwa mwana wawo, ndipo anayamba kufufuza za timaselo ta chitetezo tokhala mu ubongo. Ankatifotokozera kuti ubongo wa khanda umamera timitsempha tambirimbiri ngati chimanga chodzalidwa mothithikana, ndiye timaselo timeneti timazula tofooka kuti tamphamvu tikule bwino. Dzina lake lachingerezi linatikanika tonse, iwo n'kungoti awa ndi opatulira. Amayi athu atamva zimenezo anakauza a Mvano onse kuti mwana wawo akuphunzira zaulimi. Achemwali anaseka mpaka misozi.

Funso lawo linali limodzi: kodi matenda akagwira khanda, opatulirawa sasokonezeka n'kuyamba kuzula ndi mbewu zabwino zomwe? Zaka zisanu ndi zinayi akhala akusuzumira pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, maso mpaka kufuna magalasi. Loweruka khonde lawo linkadzaza amayi a ana onga Tawonga, ambiri mwa iwo onenedwa mawu omwe aja. Ena ndikuwaona pano, zikomo pobwera.

Anali mkhristu wa mpingo wa CCAP. Mawu oyimbira anali nawo, koma kwaya anaisiya n'kusankha benchi ya kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti Tawonga akayamba kutopa atuluke naye msanga.

Chaka chatha anapezeka ndi khansa ya bere. Analandira chithandizo, n'kumapitabe kuntchito atamanga duku, mpaka miyendo itakana. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, kafukufuku wawo asanathe. Alamu anga a Stewart akuti chimene chinkawawawa kuposa matendawo n'chakuti akupita opanda yankho loti atisonyeze ife abale awo. Zimenezi zandipweteka kwambiri. Munthu wosalakwa wagwira ntchito zaka zonsezi kufuna umboni, pamene ife tikanangopita kukapepesa.

Malemu asiya amuna awo a Stewart, mwana mmodzi Tawonga, amayi awo, alongo awiri ndi mng'ono wawo Felicia.

Achemwali, yankho lija sitikulidikiranso. Mwana simunamusemphe. Tanena mochedwa, mutikhululukire. Tawonga tikhala naye ife pa benchi ija.

Mzimu wawo upumule mu mtendere.