Malemu Harold Nelson ndi Uthenga wa Lachinayi

Akuluakulu ampingo, mafumu, abale ndi anansi, malemu Bambo Harold Nelson anabadwa pa 14 Malichi 1984 ku Malindi, m'banja la Chiangilikani la Bambo Mark Nelson ndi Mayi Elizabeti. Sukulu ya pulayimale anayambira komweko mu 1990, sekondale anaphunzira pa Boma, ndipo mu 2004 anapita ku Blantyre kukaphunzira za makompyuta. Kuyambira ali mwana sankakhulupirira chinthu asanachiyese. Ngakhale nsomba imene ayiona ikuvuulidwa, ankayamba ayitsegula makha.

Mu 2012 anamanga banja ndi Mayi Celestina Domingos a ku Chowe, amene makolo awo anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Awiriwa anamanga nyumba kwa Mponda. Amene anaumba njerwa zake ndi Mayi Celestina ndi alongo awo, ndipo ena mwa inu munaona ndi maso anu.

Kuyambira 2013 malemu ankayang'anira makompyuta a bungwe la ogulitsa nsomba ku Monkey Bay. Mu 2024 kampani ina inabweretsa kubungweko mtumiki wa pakompyuta, uja amati AI, woti aziyankha amalonda pafoni. Pano ndifotokoza pang'onopang'ono, chifukwa bodza layambira pomwepa. Mtumiki ameneyu amapatsidwa zida: china choonera mtengo wa usipa, china choitanitsira ayisi, china chotumizira uthenga. Chida chilichonse chili ndi mawu ochepa ofotokoza ntchito yake, ndipo mtumikiyo sadziwa kanthu kena kupatula mawuwo. Ntchito ya malemu inali kuwerenga mawu amenewa, kumutuma mtumikiyo dala ntchito zokhota kuti aone ngati asochere, kenako kupereka malikisi. Mawu akakhala osamveka ankawabweza, poti kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chida chimodzi chinawasowetsa mtendere. Mawu ake ankangonena kuti chimatumiza uthenga m'dzina la woyang'anira makompyuta, amene anali malemuwo, osanena kuti mwini dzinayo ayambe wavomereza. Malemu anachilepheretsa, a kampani anayankha kuti akonza, ndipo sanakonze. Nkhaniyi sinali yachinsinsi. Ankaidandaula pakhonde, m'minibasi, ngakhale potuluka m'tchalitchi, mpaka ena tinkawaseka kuti akwatira makina.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudwala impso. Mayi Celestina anayenda nawo m'zipatala mpaka ku Blantyre, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza, pamene ena amene lero akulankhula kwambiri sanabwere ngakhale ndi phala. Lachitatu lapitali malemu anatisiya.

Lachinayi m'mawa, thupi lili kunyumba yachisoni, amalonda a ku Monkey Bay analandira uthenga wonena kuti galimoto ya ayisi ichedwa, pansi pake pali dzina la malemu. Dzuwa lisanafike paliwombo, mphekesera inali itafika kale kwa Mponda kuti Mayi Celestina asandutsa amuna awo ndondocha yoti iziwagwirira ntchito, ati anthu a kumalire ndiwo eni mankhwala. Dzulo tamva kuti abale ena apangana zoti tikangochoka kumanda, namfedwayu atuluke m'nyumba. Zimenezi zatipweteka mtima koposa, ndipo tachita nazo manyazi.

Amene anatumiza uthenga uja ndi mtumiki wa pakompyuta, pogwiritsa ntchito chida chomwe chija chimene malemu anakana. Palibe anamuuza kuti afunse kaye, ndiye sanafunse. A Zubair, amene ankagwira ntchito limodzi ndi malemu, anachizimitsa Lachinayi lomwelo, ndipo ali pano. Wokayika awafunse mwambo ukatha.

Koma nafenso tili ndi zotikayikitsa. Kampani ija yatumiza mawu opepesa osalala ngati mafuta, koma m'menemo malemu akuwatchula kuti Mayi Harold. Sitikudziwa ngati walemba ndi munthu. Tikudabwanso kuti nkhani ya ndondocha yathamanga kwambiri pakati pa anthu amene akhala akufunsa ngati nyumba ya kwa Mponda ili ndi mapepala. Mayina sititchula pamaliro, koma tikudziwana.

Malemu asiya akazi awo Mayi Celestina, ana awiri, Yankho ndi Hellen, mayi awo owabereka Mayi Elizabeti, ndi achimwene awo a Jenkins. Tikuthokoza ansembe ndi amayi a mpingo, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza, anansi athu Achisilamu amene agona nafe pasiwa, ndi amalonda a ku Monkey Bay amene, ngakhale anachita mantha, atumiza galimoto.

Pomaliza, akuluakulu a banja la Nelson, pamodzi ndi Mayi Elizabeti, andituma kuti ndinene pamaso pa mafumu kuti Mayi Celestina ndi ana awo akhala m'nyumba yawo, ndipo wofuna makiyi ayambe wadzera kwa ife. Bambo Harold sakugwirira ntchito munthu aliyense. Anaigwira ntchito yawo, anachenjeza, sanamveredwe, ndipo tsopano atopa. Mzimu wawo uuse mumtendere.