Dzimbiri la Mkamwini

Munthu wodziwa mwambo salowa m'chipinda cha mkamwini wake osagogoda, koma mkulu wina amene anatumikira zaka makumi atatu monga kapitawo wa otsuka mabogi a katundu ku kampani ya njanji, anaiwala lamulo limeneli Lachinayi lina masana. Anapeza mkamwiniyo ataweramira tebulo lodzaza tinjanji ndi timabogi totalika ngati chikhatho, akupaka kamodzi ka ito ufa wofiirira ndi kaburashi.

"Akamwini, mukutani?"

"Ndikudetsa kabogi, Bambo."

"Mwangozi?"

"Ayi, Bambo, mwadala. Lero ndi tsiku lachitatu chiyambire ntchitoyi. Ufa wofiirirawu ndi choko chopera, ndilo dzimbiri. Wakudawu ndi mwaye. Mafuta a m'mawilo ndipaka mawa."

Apongozi anasolola mpango m'thumba, naunyowetsa ndi malovu. "Bweretsani kuno."

"Chonde Bambo, musakakhudze! Sikanaume!"

"Ine ndinkayesa mwana wanga ndamupereka kwa munthu waukhondo."

"Ndikamaliza ndimasamba m'manja, Bambo."

"Sindikunena za m'manja! Bwanji osagula tatsopano?"

"Tonseti n'tatsopano. Kena kali apoko ndakatulutsa m'bokosi dzulo lomweli."

Apongozi anavala magalasi, nawerama. "Kosulukaka?"

"Kamabwera kotero, Bambo. Amakasulutsiratu kufakitale. Tosuluka kale n'tosowa kwambiri. Kusitolo anandilemba pamndandanda, ndinadikira miyezi inayi. Tinangobwera tiwiri tokha, n'chifukwa chake tinati ndikudetsa ndekha."

"Miyezi inayi kudikira uve! Akupusitsani, akamwini. Kabwezeni lero lomwe!"

"Sangalandire, Bambo. Palibe chimene chalakwika."

"Penti yatha, manambala sakuwerengeka!"

"Eya, Bambo. Anakapanga bwino kwambiri."

Apongozi anakhala pansi pampando osapatsidwa, chimene chilinso kulakwa. "Chabwino. Nyumba ndi yanu, misala ndi yanu. Bola zithere m'chipinda chino."

"Zikhala muno mpaka Loweruka, Bambo."

"Loweruka zipita kuti?"

"Ku chionetsero, ku holo ya anthu opuma pantchito ya njanji. Ndalemba kale chikwangwani: 'Bwalo la mabogi a katundu, monga linalili zaka zimenezo.'"

"Bwalo liti?"

"Lanu, Bambo."

"Ha! Ku holo kumene kudzakhale anzanga onse? Oyendetsa sitima, osintha njanji, ndi bwana wathu wakale yemwe?"

"Bwanayo ndi amene adzatsegulire chionetserocho."

Apa maso a apongozi anagwera pa kanthu kena kamene kanaima pakati pa timabogito. Anakaloza ndi chala. "Nanga kamunthu aka, kovala chipewa, kogwira paipi ya madzi, n'kandani?"

"Ndinu, Bambo." Mkamwini anamwetulira ndi mtima woyera. "Mimba ndinaichepetsako pang'ono, mwaulemu."

"Ine? Mwandiimika ndi paipi m'manja pakati pa nyansi zonsezi? Anthu adzati kapitawo ameneyu ankagwira ntchito yanji?"

"Ndikhoza kuchotsa paipiyo."

"Kuti adzati ndinkabwera kuntchito chimanjamanja?"

"Kapena ndikukhazikeni pansi pa kamtengo aka."

"Kuti adzati ndinkaodzera pamthunzi!"

"Nanga ndikuchotseni basi?"

"Kuti adzati ndinajomba! Ine sindinajombepo ndi tsiku limodzi lomwe, ngakhale tsiku limene anabadwa mkazi wanuyo!"

"Amanena zimenezo, Bambo."

"Tamverani, akamwini." Apongozi anatsitsa mawu, nagunda tebulo ndi chala. "Bwana uja ankaima pazenera la ofesi yake m'mawa uliwonse, ataika manja kumbuyo, n'kumayang'ana sitima ikutuluka. Mabogi anga ankanyezimira mpaka iye ankatsinzina. Tsiku limene ndinkapuma pantchito anaimirira pamaso pa anthu, nanena kuti sanaonepo dzimbiri pabwalo langa. Mawu amenewo ndiwo chuma changa. Inu mukufuna kuwafafaniza ndi choko chopera?"

"Ayi, Bambo. Ine sindipeka kanthu. Ndimatsatira chithunzi."

"Chithunzi chanji?"

Mkamwini anatsegula kabati, natulutsa chithunzi chakale, nachipereka ndi manja awiri monga momwe analeredwera. Apongozi anachiyandikiza kumaso, anachitalikitsa, anapukuta magalasi, nachiyandikizanso.

"Awa si mabogi athu."

"Nambala ya bwalo ikuoneka, Bambo. Ndipo uyo akuonekera pakati pa mabogi awiriwo ndinu."

"Hmm. Wojambulayu anaima pati?"

"Kumpanda, Bambo. Mbali ya kutchire."

"Ehe! Ndinadziwa! Mbali ya kutchire! Munthu waulemu amajambula sitima kuchokera kutchire? Amakafunako chiyani kumeneko?"

"Kodi pali kusiyana, Bambo? Sitima ndi yomweyo."

"Zenera la ofesi linali mbali ino!"

"Sindikumva, Bambo."

"Paipi inali yaifupi, akamwini! Madzi anali ochepa, sitima inali ndi nthawi yake yonyamukira, anthu anga anali asanu ndi mmodzi. Munthu wanzeru amayambira pamene payenera kuyambira."

"Ndiye mbali inayo munkaitsuka liti?"

"Musandifunse mafunso ngati wapolisi m'nyumba ya mwana wanga."

"Pepani, Bambo. Ndingofuna ndilembe zoona pachikwangwani."

"Simulemba kanthu! Tandiuzani, ku holoko tebuloli lidzaima pati?"

"Kukhoma, Bambo. Anthu azidzaona mbali imodzi yokha."

Nkhope ya apongozi inamasuka. Anaimirira, navula jekete, nalikoleka bwinobwino pamsana pa mpando, napinda manja a malaya mpaka m'zigongono.

"Ndiye vuto lili pati? Tengani thonje ndi madzi a sopo. Mbali yoyang'ana anthu muipukute mpaka bwana adzatsinzine. Kosuluka ka kufakitale kaja mukapake penti."

"Koma Bambo, miyezi inayi..."

"Mbali imodzi yokha!"

Mkamwini anausa moyo, natembenuza kabogi kuti aone mbali ya kukhoma. "Nanga kumbuyoku, Bambo? Ndipukutenso pang'ono, kuti ulemu wanu usaonongeke?"

Apongozi anakayang'ana kabogiko nthawi yaitali, napukusa mutu monga mphunzitsi woona ntchito ya mwana waulesi.

"Bodza sindilola, akamwini. Kumeneku ndiye mwakuyeretsa kwambiri. Ndipatseni kaburashiko ndi mwaye wonse, ndikuonetseni mmene mbali ya kutchire inkaonekera."